Chilombo cha pachilumba ndi chilombo cha pa selofu

Anzanga, amene mumandidziwa mukudziwa kuti mabuku a Chingerezi ine ndimawerenga pokhapokha mayeso akayandikira. Koma teremu yathayi, tikusesa mulaibulale, ndinapeza m'katoni buku lina lopanda chikuto chakumbuyo. Dzina lake ndi Lord of the Flies, lolembedwa ndi William Golding wa ku England, ndipo linatuluka koyamba mu 1954. Pachichewa tingati Mfumu ya Ntchentche. Ndinalibwereka poganiza kuti ndi nkhani ya tizilombo. Linanditengera milungu itatu, dikishonale ili pambali, ndipo nditalimaliza tulo tinandithawa. Sichinali Chingerezi chovutacho ayi. Ndinakumana ndi ine mwini m'bukumo, ndipo sindinakondwe ndi munthu amene ndinamuonayo.

Kwa amene simunaliwerenge, nkhani yake ili chonchi. Kunja kuli nkhondo, ndipo ndege yonyamula ana asukulu a ku Britain yagwera pachilumba chopanda anthu. Wamkulu aliyense wafa, atsala ndi anyamata okhaokha. Poyamba zinthu zikuyenda bwino. Ralph ndi mnzake wonenepa wa magalasi, amene onse akungomutchula kuti Piggy, apeza chigoba cha nkhono yaikulu ya m'nyanja. Ralph achiomba ngati lipenga, onse asonkhana, avota, ndipo Ralph asankhidwa kukhala mtsogoleri. Apangana lamulo loti wogwira chigobacho ndiye ayankhule, ena amvetsere. Apangananso zosonkha moto pamwamba pa phiri kuti sitima ikamadutsa ione utsi. Machesi palibe, ndiye moto akuyatsa ndi magalasi a Piggy powalozetsa kudzuwa.

Koma pali Jack, amene kusukulu anali mtsogoleri wa kwaya ndipo sanakondwe kuti waluza chisankho. Iyeyu apatsidwa gulu la alenje. Tsiku lina sitima idutsadi patali, koma moto uli wozima chifukwa oyang'anira moto apita ndi Jack kukasaka nkhumba. Apa ndi pamene mng'alu uyambira. Kenako ana aang'ono ayamba kunena kuti pachilumbapo pali chilombo. Mantha afalikira mpaka kwa akuluakulu omwe. Jack apatuka ndi gulu lake, adzipaka dothi kumaso, ayamba kuvina ndi mikondo, ndipo azika mutu wa nkhumba pamtengo ngati nsembe kwa chilombocho. Ntchentche zikuunjikana pamutu umenewu, ndipo dzina la bukuli lachokera pamenepo.

Mnyamata wina wofatsa, Simon, akwera phiri yekha n'kupeza kuti chilombocho ndi mtembo wa msilikali wa m'ndege amene anakodwa mu zingwe za parachuti yake, ndipo mphepo ikaomba mtembowo umagwedera. Athamanga usiku kukauza anzake kuti palibe choopa. Awapeza ali pakati pa gule, mvula ikugwa, ndipo iwo amuona ngati chilombo chija n'kumupha ndi manja awo. Pambuyo pake Roger agubuduza chimwala chimene chipha Piggy n'kuphwanya chigoba chija. Pomaliza onse akusaka Ralph ngati nyama, ayatsa chilumba chonse kuti atuluke pobisala, ndipo utsi womwewo ndi umene ukopa sitima ya nkhondo. Msilikali wovala zoyera atsika n'kuwapeza ali mbuu, akulira.

Anthu ambiri akamalongosola bukuli amati ndi nkhondo ya pakati pa chitukuko ndi uchinyama. Akuti Ralph ndi Piggy akuimira chitukuko, Jack ndi Roger akuimira uchinyama, ndipo phunziro lake ndi loti munthu ukangomuchotsera apolisi, aphunzitsi ndi makolo amasanduka chilombo. Ine ndikugwirizana nazo theka lokha. Theka linalo ndikulikana, ndipo ndili ndi zifukwa ziwiri.

Choyamba, tiyeni tifunse kuti chithunzi cha uchinyamachi chinachokera kuti. Nkhani za munthu wotsala pachilumba sizinayambe ndi Golding. Mu 1719 Daniel Defoe anatulutsa Robinson Crusoe, nkhani ya mzungu amene akhala pachilumba zaka 28. Atapulumutsa munthu wa kuderalo, sanavutike n'kumufunsa dzina lake. Anangomupatsa dzina loti Friday, n'kumuphunzitsa kuti iyeyo azimutchula bwana. Patapita zaka zoposa 100, R. M. Ballantyne analemba The Coral Island, momwe anyamata atatu a ku Britain, Ralph, Jack ndi Peterkin, akhala pachilumba mwamtendere ndi mwaulemu. Zoipa zonse m'buku limenelo zikuchokera kunja, kwa akuba a panyanja ndi kwa eni zilumba amene akujambulidwa ngati odya anthu, oyembekezera amishoni kuti adzawawongole. Mabuku otere ankaphunzitsa ana a ku Britain kuti chitukuko ndi iwowo, uchinyama ndi anthu enafe.

Golding anatenga dala mayina a Ralph ndi Jack kuchokera m'buku la Ballantyne kuti alitsutse. Ankafuna kuonetsa kuti mwana wa ku England, wa yunifolomu ndi nyimbo za kwaya, akhoza kupha popanda munthu wakuda aliyense pafupi. Apa ndikumuombera m'manja. Koma taonani chimene anagwiritsa ntchito pojambula kugwa kwa anyamatawo: kuvula malaya, kudzipaka kumaso, mikondo, gule wozungulira moto. Kunena kwina, kuti aonetse kuti anawo aipa, anawaveka zimene anthu akwawo ankaganiza kuti ndi zathu. Ine ndinakulira m'mudzi momwe Gule Wamkulu amatuluka pamaliro ndi pa chinamwali. Mu 2005 bungwe la UNESCO linauika m'gulu la chuma chachikhalidwe cha dziko lonse. Wobisa nkhope kumeneko ali pansi pa malamulo, pali akuluakulu a kudambwe, pali nthawi yotulukira ndi yobwerera. Kubisa nkhope pakokha si uchinyama. Uchinyama wa Jack sunali m'dothi limene anadzipaka, unali mu mtima wofuna kulamulira anzake ndi mantha.

Ndipo musaiwale mmene bukuli likuthera. Msilikali wovala zoyera uja akudabwa kuti ana a ku Britain angachite zoterezi. Koma iyeyo watsika m'sitima yanji? Ya nkhondo, yosaka anthu anzake panyanja monga momwe Jack amasakira Ralph m'tchire. Mtembo umene anawo ankauyesa chilombo unagwa kuchokera ku nkhondo ya akuluakulu omwewo. Golding ankazidziwa bwino zimenezi. Anali mphunzitsi pasukulu ya anyamata ku Salisbury, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali msilikali wa pamadzi, anali nawo pa kuukira kwa ku Normandy mu 1944. Anaona ndi maso ake kuti mayiko a mayunivesite ndi mafakitale ndi amene anapha anthu mamiliyoni. Choncho amene akuti yunifolomu ndi Chingerezi ndiye chitukuko sanawerenge tsamba lomaliza bwinobwino.

Chifukwa changa chachiwiri ndi nkhani imene inachitikadi. Mu June 1965 anyamata 6 a pasukulu ina yogonera konko ku Nuku'alofa, likulu la dziko la Tonga, anatopa ndi sukulu n'kuba bwato la msodzi kuti athawe. Anali a msinkhu wathu womwewu. Namondwe anawononga bwatolo ndipo anayandama masiku 8 asanafike pachilumba cha 'Ata, chamiyala, chopanda munthu. Anakhala pamenepo miyezi 15. Kwawo anthu anawalira maliro. Mu September 1966 woyendetsa sitima wa ku Australia, Peter Warner, anawapeza onse 6 ali moyo ndiponso athanzi.

Anapulumuka bwanji? Anagawana ntchito awiriawiri, ena kumunda, ena kuphika, ena kulondera. Atakwanitsa kuyatsa moto, anausamala osazima kwa nthawi yoposa chaka. Ankayamba ndi kutseka tsiku ndi pemphero ndi nyimbo, mpaka anapanga gitala ndi zinthu zotola. Akakangana, okanganawo ankapita mbali zosiyana za chilumba mpaka mitima itazizira, kenako n'kubwerera kudzapepesana. Mmodzi atagwa n'kuthyoka mwendo, anzake anaumanga ndi timitengo ndi masamba, namugwirira ntchito zake mpaka anachira. Nkhaniyi inadzatchuka kwambiri pamene Rutger Bregman wa ku Netherlands anailemba m'buku lake lotchedwa Humankind.

Pali kanthu kenanso kokhudza chilumba cha 'Ata. Anyamatawo anapezapo nkhuku zolowerera ndi zakudya zomera zokha pamalo pamene kale panali mudzi. Anthu ake anapita kuti? Mu 1863 sitima ya ogwira akapolo inafika n'kutenga anthu ambiri a pamenepo, ndipo otsalawo anasamutsidwa. Ndiye ndiuzeni, pachilumba chimenechi wauchinyama anali ndani? Ana a ku Tonga amene anamanga mwendo wa mnzawo, kapena amene anabwera pa sitima atavala nsapato?

Choncho si zoona kuti ana akangotsala okha ndiye kuti aphana basi. Golding analemba nthano, ndipo nthano si umboni. Makolo athu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Anyamata a ku Tonga anasonyeza kuti mwambiwu umagwira ntchito ngakhale pakati pa nyanja.

Komatu ndisanamizire kuti Golding analakwitsa zonse. Chikhala choncho ndikanagona tulo. Chimene anachiona bwino ndi mmene mantha amagwirira ntchito pagulu. Amene tili ku Fomu 3 ndi 4 tikukumbukira, kapena tinamva kwa makolo, za mphekesera ya anamapopa mu 2017. Inayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, misewu inatsekedwa ndi miyala, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa chongokhala alendo pamalo. Palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene anaonetsedwa kukhoti ali ndi magazi opopa. Chilombo kunalibe, koma maliro anali enieni. Amene anachita zimenezo sanali pachilumba. Anali ndi mafumu, mipingo, mawailesi ndi mafoni m'manja.

Tsopano ndifike pa ine. Ambiri a ife pasukulu pano timachokera kutali, ndiye timakhala pa selofu, kuchita lendi tinyumba tapafupi ndi sukulu. Kumeneko kulibe mayi, kulibe bambo, kulibe mphunzitsi. Eni nyumba amangobwera pakutha pa mwezi. Kodi chimenechi si chilumba? Chaka chatha tinkakhala anyamata asanu m'nyumba imodzi, ndipo wamng'ono pa tonse anali wa Fomu 1, wochokera kumudzi wakutali, wosayankhulayankhula. Dzina lake sinditchula. Tinkamutuma madzi, nkhuni, kutsuka mapoto, ndipo tinkati ndi mwambo, ifenso tinadutsa momwemo. Tinamupatsa dzina lachipongwe moti ena mpaka lero dzina lake lenileni salidziwa. Mu buku la Golding, dzina lenileni la Piggy silitchulidwa mpaka iye kufa. Nditazindikira zimenezi ndinatseka buku kaye.

Usiku wina foni ya mmodzi wa ife inasowa. Inali cha m'ma 9 koloko, tochi imodzi yokha, aliyense wapsa mtima. Wina anangoti, "Ndi mwana uyu, masana anatsala yekha." Basi mlandu unathera pomwepo. Anyamata a nyumba zoyandikana anamva phokoso n'kubwera, ndipo aliyense wofika ankafika ndi nkhani yake, wina akuti anasowanso sopo, wina akuti ufa wake umatha msanga. Anamukhuthulira chikwama pansi. Foni sinapezeke, koma m'malo moti tikayike, tinati waibisa kwina. Anamumenya. Ine sindinaponye chibakera, ndipo kwa miyezi yambiri ndinkadzitonthoza ndi mawu amenewo. Koma ndine amene ndinaima pakhomo kuti asathawe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, inu mukundidziwa." Ine ndinayang'ana kumbali.

Foniyo inapezeka patapita masiku awiri. Mwini wake anaisiya potchaja pa golosale n'kuiwala. Mnyamata uja anali atapita kale kwawo, ndipo teremu yotsatira sanabwerere. Ife tinangoti zinachitika mwangozi, kunali mdima, aliyense akanaganiza chimodzimodzi. M'buku muja, m'mawa mwake Simon ataphedwa, Ralph ndi Piggy nawonso akuyesa kudzitsimikizira kuti iwo anali kunja kwa bwalo ndipo inali ngozi chabe. Anyamata abwino aja, oimira chitukuko aja, analipo pa gule uja. Apa ndi pamene Golding anandigwira pakhosi. Ine sindine Jack. Ndine Ralph woima pakhomo, ndipo popanda anthu ngati ine Jack sangachite kanthu.

Pali kachigawo kena kakang'ono m'bukuli kamene sindikaiwala. Kumayambiriro, Roger akugenda kamwana kena kamene kakusewera m'mphepete mwa nyanja, koma akuponya miyala mophonya dala. Dzanja lake likukumbukirabe kuti kugenda mwana n'kulakwa. Kumapeto dzanja lomwelo ndi limene likugubuduza chimwala. Pakati pa kugenda kophonya ndi chimwala panadutsa tinthu ting'onoting'ono timene palibe anatiletsa: kuseka Piggy, kumudula mawu atagwira chigoba, kumumenya mpaka galasi limodzi kusweka, kumubera magalasi usiku. Ifenso pa selofu sitinayambe ndi kumenya. Tinayamba ndi dzina lachipongwe ndi mapoto.

Ndikudziwa ena muti, ndiye mankhwala ake ndi dzanja lolimba, pakhale munthu woopedwa kuti anthu asamachite chibwana. Ndamvapo anzanga akunena kuti pulifekiti wabwino ndi amene a Fomu 1 amanjenjemera akamuona. Koma ameneyo ndi Jack ndendende. Jack anali ndi dongosolo lake, anali ndi alonda, ankalanga, ankagawa nyama. Gulu lake silinali lachisokonezo, linali lomvera kwambiri. Chimene linalibe ndi mwayi woti munthu wamng'ono ayankhule n'kumvedwa. Enanso muti anyamata a ku Tonga anali 6 okha, ndipo anali abwenzi kale, n'chifukwa chake zinawayendera. Zoona, gulu laling'ono n'losavuta. Koma ifenso tinali asanu, timadya m'mbale imodzi, ndipo zinatikanika. Kusiyana kwake n'koti iwo anapangana zochita mkangano usanabwere, pamene ife tinadikira foni isowe kuti tiyambe kuganiza.

Ndiye ine maganizo anga ndi awa. Nkhondo yeniyeni si ya pakati pa chitukuko ndi uchinyama monga mmene mabuku akale aja ankaijambulira, ovala nsapato mbali ino, odzipaka dothi mbali inayo. Ndi ya pakati pa umunthu ndi mantha, ndipo imamenyedwa m'munthu mmodzi yemweyo. Umunthu suchokera kumwamba ngati mvula. Uli ngati moto wa pa 'Ata uja, umafuna wina adzuke usiku kukasonkhezera, ndipo ukasiyidwa umazima ngati wa Ralph.

Kwa anzanga a pa selofu ndikupempha zinthu zinayi, ndipo m'nyumba mwathu tayamba kale kuzichita. Choyamba, ntchito zilembedwe papepala n'kumatidwa pakhoma, wa Fomu 4 atsuke mapoto tsiku lake ngati wina aliyense. Chachiwiri, mlandu usaweruzidwe usiku. Chinthu chikasowa, tigone, tikambirane kukacha, ndipo zikakanika tipite kwa aphunzitsi oona za mwambo kapena kwa eni nyumba. Chachitatu, woganiziridwa ayankhule mpaka amalize popanda womudula. Ife tilibe chigoba cha nkhono, timagwiritsa ntchito mthiko, ndipo musaseke, zikuthandiza. Chachinayi, munthu aitanidwe ndi dzina limene anapatsidwa ndi makolo ake.

Kwa aphunzitsi athu, mwaulemu, tikupempha kuti muzitiyendera kumene timagona, ngakhale kamodzi pamwezi. Sikuti mudzatilondere, koma wa Fomu 1 adziwe kuti pali wamkulu amene angamuuze zimene zikumuchitikira. Ndipo tikamasankha mapulifekiti teremu ikubwerayi, tisavotere munthu chifukwa ali ndi mawu aakulu kapena chifukwa walonjeza kuti athana ndi akuba. Tiyang'ane mmene amayankhulira ndi mwana wamng'ono pa mjigo pamene akuganiza kuti palibe akumuona.

Buku lija ndabweza ku laibulale, lili pa shelefu yachiwiri, ndalimata chikuto ndi selotepi. Aliyense angathe kulibwereka. Ine pa holide ikubwerayi ndikwera njinga kupita kumudzi kwa mnyamata uja. Ndafunsa kale njira. Sindikudziwa ngati akandilandire, ndipo akakana kundiona sindidzamuimba mlandu. Koma ndikamuitana ndi dzina lake lenileni, ndipo ndikamuuza pamaso pa makolo ake kuti foni ija sanabe, komanso kuti amene anaima pakhomo usiku uja ndinali ine.

Wanu wa Fomu 4